Mayi Chibambo, Phungu wa Kummwera kwa Mzimba

Adzukulu anga, mukamamva za anthu amene anamenyera ufulu wa dziko lino mumamva maina a abambo okhaokha, ngati amayi anali kumadambo kotola nkhuni nthawi yonseyo. Khalani pansi ndikuuzeni za Mayi Rose Chibambo.

Iwo anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928, ndipo kwawo anali a banja la a Ziba. Anakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, mwana wa mbusa Yesaya Chibambo wa mpingo wa Livingstonia. Ntchito ya boma ndi imene inatengera banjali ku Zomba, kumene kunali likulu masiku amenewo. Kumeneko nkhani ya chitaganya inawapeza. Atsamunda ankafuna kumanga Nyasaland pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo aliyense amene anali ndi mbale wake kumigodi ya ku Harare kapena ku Joni ankadziwa kuti munthu wakuda amakhala bwanji Mzungu wokhazikika akatenga ulamuliro.

Misonkhano ya chipani cha Kongeresi, chimene chinkakana chitaganyacho, inali ya amuna. Mayi Chibambo sanadikire kuitanidwa. Mu 1952 anayamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa amayi anzawo, ambiri a iwo akazi a anthu ogwira ntchito m'boma, ndipo apo ndi pamene panaphukira bungwe la amayi la chipanicho. Musaganize kuti ankangokamba za chitaganya. Ankakambanso zimene zinkawawa mayi tsiku ndi tsiku: kugula katundu pazenera chifukwa sitolo ina siinkalola munthu wakuda kulowa, ndiponso mayi wachikulire kuyezedwa kuchipatala pamaso pa atsikana amsinkhu wa ana ake. Zimenezo ndi zimene zinadzutsa amayi. Banja litasamukira ku Blantyre, ntchitoyo inakula, ndipo a Kamuzu pofika mu 1958 anapeza amayi ali okonzeka kale.

Ndiye kunadza 3 Malichi 1959, tsiku limene bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Kongeresi amangidwe. Mayi Chibambo anali ndi pakati potopa, choncho anawasiya kaye. Atangobereka, pasanathe n'komwe sabata, anabwera kudzawatenga, khanda lili m'manja, ulendo wa kundende ya Zomba. Inu amayi muli panopa mukudziwa mmene thupi limakhalira masiku amenewo, pamene munthu amafunika phala lotentha ndi apongozi pambali. Iwo anali ndi alonda. Mwana wamkaziyo anamutcha Gadi, ndipo anayamwira m'ndende mpaka amake atatulutsidwa mu 1960.

Ufulu utayandikira, anthu a kummwera kwa Mzimba anakhala ndi phungu wamkazi. Mu 1964 Mayi Chibambo analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, mayi yekhayo pakati pa amuna, ndipo anapatsidwanso udindo wothandiza nduna. Mbendera inakwera pa 6 Julaye. Miyezi iwiri yokha itatha, zinthu zinasokonekera.

Nduna zinasemphana ndi a Kamuzu pa nkhani zingapo: tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, maudindo akuluakulu amene anali adakali m'manja mwa Azungu, ndi chibwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Pa 7 Seputembala a Kamuzu anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Mayi Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawo. Mawa lake la kuchotsedwako, tsiku limene Mayi Chibambo ankakwanitsa zaka 36, aphungu anakumana kuti aonetse ngati akukhulupirirabe a Kamuzu. Mayiyu anaimirira m'nyumbamo n'kudziyankhira, kukana kuti sanali woukira, aphungu anzake akumusokosera. Ine chimandipweteka n'chakuti amayi amene iye anawaphunzitsa kusonkhana ndi omwewo amene pambuyo pake anavekedwa nsalu za chipani n'kumavinira munthu mmodzi, dzina la woyambitsa lisakutchulidwanso.

Atachotsedwa m'chipani, kukhala kuno kunali kuika moyo pachiswe. Mu 1965 anathawira ku Zambia, ndipo anakhala kumeneko pafupifupi zaka makumi atatu. Ganizani nokha maliro angati a abale amene anaikidwa ku Mzimba iwo ali kutsidya kwa malire. Anabwerera mu 1994, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, n'kukhazikika ku Mzuzu, tsitsi litachita imvi.

Boma la a Bingu wa Mutharika linatcha msewu wina wa ku Mzuzu dzina lawo, ndipo mu 2012 nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200, iwo adakali moyo. Anamwalira mu Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa ku Mzuzu komweko.