Zakudya za Makolo za Anthu a ku Armenia

Dziko la Armenia liri m'cigawo ca mapiri ca Caucasus, ndipo linacita malire ndi Georgia, Azerbaijan, Iran ndi Turkey. Likulu lake ndi Yerevan, ndipo anthu ake ali pafupifupi mamiliyoni atatu. Popeza kumeneko nyengo yozizira imakhala yaitali ndiponso kumagwa cipale cofewa, makolo a anthuwa anaphunzira kuphika zakudya zokhalitsa ndi zopatsa mphamvu. Zambiri mwa zakudyazo zimacokera ku tirigu, mkaka wosasa, nyama ndi zipatso zouma. Tirigu ndiye mwini mbale, kotero kuti m'cinenero cao mau akuti kudya mkate amatanthauzanso kudya cakudya ciri conse.

Mkate wa lavash

Lavash ndi mkate wopyapyala wopangidwa ndi ufa wa tirigu, madzi ndi mcere. Amauphika m'ng'anjo yadothi yokumbira pansi yochedwa tonir. Nchitoyi imagwiridwa ndi azimai angapo pamodzi: wina akanda ufa, wina aupapatiza, ndipo wina auyala pa kamtsamiro ndi kuumata kucipupa ca ng'anjo yotentha. Mkatewo umapsa isanakwane mphindi imodzi. Ukauma ungathe kusungidwa mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pofuna kuudya amangouwaza madzi kuti ufewe. Paukwati amauika pamapewa a mkwati ndi mkwatibwi powafunira ana ndi cuma.

Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba lavash pamndandanda wa miyambo ya anthu yofunika kusungidwa, monga mbali ya cikhalidwe ca ku Armenia. Mu 2016 linalembanso mwambo wophika mikate yamtundu womwewo m'dzina la Azerbaijan, Iran, Kazakhstan, Kyrgyzstan ndi Turkey, pakuti mkatewu umadyedwa m'maiko ambiri a cigawoco.

Harissa, phala la cikumbutso

Harissa ndi phala lolimba la tirigu wokonola wophikidwa pamodzi ndi nyama ya nkhuku kapena ya nkhosa. Amaliphika pamoto wocepa kwa maora ambiri, nalitakasa mpaka nyama itasungunukira m'tirigu, ndipo pakudya amathirapo batala wosungunula.

Cakudyaci ciri ndi malo akeake m'mbiri ya mtunduwu. Mu 1915 boma la Ottoman linayamba kusamutsa ndi kupha anthu a mtundu wa Armenia okhala m'dziko lake. Maiko ambiri ndi akatswiri a mbiri yakale amati uku kunali kupulula mtundu, koma boma la Turkey limakana mau amenewa. Anthu a m'midzi isanu ndi umodzi yozungulira phiri la Musa Dagh, pafupi ndi nyanja ya Mediterranean, anakana kusamuka. Anakwera m'phirimo nadziteteza kwa masabata angapo, kufikira zombo zankhondo za ku France zinapulumutsa anthu oposa 4,000 mu Sepitembala caka comweco ndi kupita nao ku Port Said m'dziko la Egypt. Zidzukulu zao zimasimba kuti harissa ndiye anawasunga amoyo m'masiku amenewo. Caka ndi caka mu Sepitembala, anthu amasonkhana m'mudzi wa Musaler, kufupi ndi Yerevan, kucezera kuphika harissa m'miphika ikuluikulu, ndipo kukaca amagawira aliyense amene wafika.

Khash ndi khorovats

Khash ndi msuzi wa ziboda za ng'ombe, zimene ambiri amazicha vimbombo. Ziboda zija amazitsuka bwino ndi kuziwiritsa usiku wonse popanda mcere. Msuziwo umadyedwa m'mawa m'miyezi yozizira, ndipo munthu aliyense amadzithirira yekha mcere ndi adyo m'mbale mwake, nanyenyeramo lavash wouma mpaka msuzi utalimba. Khash sadya munthu yekha: amaitana abale ndi mabwenzi.

Khorovats ndi nyama yoocha pamakala, kawirikawiri ya nkhumba, yotungidwa kumitengo yacitsulo. Pambali pake amaochanso tomato, mabiringano ndi tsabola. Mwamwambo iyi ndi nchito ya azibambo, ndipo paukwati kapena paphwando lalikulu nyamayi siisowa.

Tolma, spas ndi ghapama

Tolma ndi nyama yopera yosakaniza ndi mpunga, yokulungidwa m'masamba a mpesa kapena a kabici ndi kuphikidwa mumphika. Amaidya ndi mkaka wosasa wochedwa matsun wothira adyo. Chalichi ca Armenia ciri ndi nyengo za kusala nyama, makamaka masabata otsogolera Pasaka, ndipo m'menemo munacokera pasuts tolma, imene mkati mwake amaikamo nyemba, mphodza ndi tirigu m'malo mwa nyama. Matsun yemweyo akaphikidwa ndi tirigu ndi masamba onunkhira amasanduka msuzi wochedwa spas.

Ghapama ndi dzungu limene amalicotsa nthanga, nalidzaza mpunga, zipatso zouma, mtedza wa m'mitengo ndi uci, kenaka ndi kuliocha lathunthu m'ng'anjo. Limadyedwa makamaka pa Caka Catsopano ndi pa Khirisimasi, imene anthu a Chalichi ca Armenia amakondwerera pa 6 Januwale.

Mkate wa masamba

Zhingyalov hats ndi mkate wopyapyala wodzazidwa ndi masamba aawisi amitundu yambiri, akumunda ndi akuthengo omwe, oduladula ndi kuthira mafuta pang'ono. Amauphika paciwaya cotentha. Kwao kwa mkatewu ndi ku Nagorno-Karabakh ndi ku cigawo ca Syunik kummwera kwa Armenia. Mu Sepitembala 2023, asilikali a Azerbaijan atalanda Nagorno-Karabakh, anthu a mtundu wa Armenia oposa 100,000 anathawira ku Armenia m'masiku ocepa cabe. Ena mwa azimai othawawo anayamba kuphika ndi kugulitsa mkatewu ku Yerevan ndi m'matauni ena kuti apeze zosamalira mabanja ao.