Dzina la Damiano

Xadrez, imene anzathu a ku Malawi amati chesi, ndinaiphunzira tsidya la Ruo, zaka zija tinathawa nkhondo kuno ku Majaua. Kale ndinkangodziwa bawo. Pa mpikisano wanga woyamba, wolowa aliyense, mnzanga anatulutsa kavalo kuopseza msilikali wanga wa pa e5, ine nkumuteteza ndi f6. Kavalo uja anadya msilikaliyo basi. Ndinadya kavaloyo mokondwa, mfumukazi yake nkutera pa h5, mfumu yanga nkusowa kobisala.

Pambuyo pake ndinamva kuti kayambidwe koipaka kali ndi dzina: citetezo ca Damiano. Pedro Damiano anali Mpwitikizi wa ku Odemira, wogulitsa mankhwala, amene anasindikiza buku la xadrez ku Roma mu 1512. M'bukumo iye anaikana f6 imeneyi, nalangiza kutulutsa kavalo pa c6. Komabe dzina lake linamatirira pa cimene anakanaco, ndipo zaka zoposa 500 zapita lisanacokepo.

Ruy López, wansembe wa ku Espanha amene analemba lake mu 1561 nkumamutsutsa Damiano, anacita mwayi. Dzina lake lili pa kayambidwe kamene akatswiri akusewerabe mpaka lero.