Chala cha Wes Montgomery

Abale a m'gulu lino, sabata ino tikambe za gitala yamagetsi. Mwina inu mumaimba kutchalitchi kapena m'bandi, ndipo gitala yanu ikangolowa mu ampulifaya imalira mokwechekweche ngati chitini. Mwaganiza kale zogulitsa mbuzi kuti mugule ampulifaya ina. Dikirani kaye, mumve kumene kulira kofewa kuja kunachokera.

Mu 1936 kampani ya Gibson ku America inatulutsa gitala yamagetsi yotchedwa ES-150. Pickup yake, kachipangizo kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo, inali pafupi ndi khosi la gitala. Pamenepo nsambo imagwedezeka motakasuka, choncho mawu ake amatuluka onenepa, osabaya m'khutu. Mnyamata wina, Charlie Christian, analowa m'bandi ya Benny Goodman mu 1939 ndi gitala yotereyi, n'kumaiimba ngati lipenga. Sanakhalitse, chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1942 ali ndi zaka 25.

Ku Indianapolis, Wes Montgomery anaphunzira gitala pomvetsera malekodi a Christian mobwerezabwereza. Masana ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndiye nthawi yoyeserera inali usiku, anthu atagona. Kuti asasokose, anasiya pick, kapulasitiki komenyera nsambo kaja, n'kuyamba kusisita nsambozo ndi mnofu wa chala chachikulu. Tamvani chimbale chake cha 1960, The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery. Kulira kumene anthu akukufunafuna mpaka lero kunabadwa chifukwa choopa kudzutsa anansi, basi.

Nanga ampulifaya ilibe gawo? Ilinalo. Zakale zija zinkagwiritsa ntchito mavalavu, timababu tagalasi totentha, timene mukatikakamiza timafewetsa mawu m'malo mowang'amba mwaukali. Fender Twin Reverb ya 1963 inatchuka chifukwa inkafuula kwambiri mawu asanayambe kusasa. Oimba rock ankafuna zosiyana, n'chifukwa chake ampulifaya za Marshall, zimene zinayamba ku London mu 1962, zinadziwika ndi kusasa komweko. Koma Joe Pass ankaimba mofewa pa Polytone, kabokosi kopanda valavu ndi imodzi yomwe. Ndiye musanamizidwe kuti chinsinsi chonse chili m'mababu.

Tsono yesani izi musanawononge ndalama. Sankhani pickup ya kukhosi. Tsitsani gain, mukweze master, kuti mawu akule osasasa. Chepetsani treble ndi presence, koma mid musaiphe, chifukwa thupi la mawu limakhala mmenemo. Bass ikachuluka zimangomveka phala. Batani la tone la pagitala penipenipo lipotokoleni pang'ono, osati mpaka kumapeto. Dzanja lanu limenye nsambo chakukhosi, osati pafupi ndi bridge. Sipika isaloze khutu lanu mwachindunji, popeza mawu obaya amatulukira pakatikati pake. Ndalama zikapezeka, nsambo zosalala zotchedwa flatwound, zimene oimba jazz amakonda, n'zotchipa kuposa ampulifaya.

Montgomery anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 45. Magitala ndi maampulifaya ofanana ndi ake alipobe m'masitolo, ndipo ogula ambiri amakhumudwa kuti sakulira ngati iye. Inu usiku uno tayesani kuika pick m'thumba, muimbe ndi chala chachikulu, kenako mudzatiuze zimene mwamva.