Kuzungulira Dziko Lonse: Ulendo wa Imfa Umene Unasanduka Mphatso ya Banja

Mu Julayi 1522, chombo chotchedwa Victoria chinakocheza pa zilumba za Cape Verde chili chothaitha, amalinyero ake atawonda ndi njala. Anatumiza anzawo kumtunda kukafuna chakudya, ndipo anawauza kuti akafunsenso kuti tsikulo linali lachingati. Yankho linawazunguza mutu. Kumtunda kunali Lachinayi, pomwe m'buku la Antonio Pigafetta, Mtaliyana amene ankalemba zochitika za ulendowo tsiku ndi tsiku osadumphitsa, linali Lachitatu. Palibe amene analakwitsa kuwerenga. Chifukwa choyenda molondola dzuwa chakumadzulo mpaka kuzungulira dziko, tsiku limodzi lathunthu linawasowa.

Anthuwa ndi amene anali oyamba kuzungulira dziko lapansi. Ananyamuka ku Spain mu 1519 pa zombo zisanu motsogozedwa ndi Ferdinand Magellan, ali amuna oposa 200. Magellan anaphedwa pa nkhondo ku Philippines mu 1521, ndipo Juan Sebastián Elcano ndiye anafikitsa kwawo chombo chimodzi chokha, muli anthu 18. Palibe aliyense wanzeru zake amene akanatenga mkazi ndi ana pa ulendo wotere. Komatu lero kuli mabanja amene amasunga ndalama zaka zambiri kuti bambo kapena mayi akamakwanitsa zaka 50, 60 kapena 70, onse anyamuke limodzi kukazungulira dziko. Njira imene inkameza anthu inasanduka bwanji mphatso ya tsiku lobadwa?

Zinthu zinatembenuka m'zaka ziwiri zokha. Pa 10 Meyi 1869, njanji yochokera kum'mawa kwa United States inakumana ndi yochokera kumadzulo pa Promontory Summit ku Utah, ndipo ulendo umene unkatenga miyezi pa ngolo unayamba kutha pafupifupi sabata imodzi. Mu Novembala chaka chomwecho ngalande ya Suez inatsegulidwa, moti sitima zochokera ku Ulaya kupita ku India sizinkafunikanso kuzungulira kumwera kwa Africa. Mu 1870 njanji ya ku India inalumikiza Bombay ndi Calcutta. Kuyambira pamenepo munthu akanatha kukhala pansi ndi ndandanda ya sitima, n'kuwerengetsa tsiku lonyamuka ndi lobwerera.

Amene anaona msanga kuti apa pali malonda anali Thomas Cook, Mngelezi wa mpingo wa Baptist amene ankalimbana kwambiri ndi uchidakwa. Ntchito yake inayamba mwapang'ono. Pa 5 Julayi 1841 anakonza sitima yonyamula anthu pafupifupi 500 kuchoka ku Leicester kupita ku msonkhano wotsutsa mowa ku Loughborough, aliyense akulipira shiling'i imodzi. Patapita zaka 31, mu Sepitembala 1872, Cook anatenga kagulu ka alendo ku Liverpool n'kuwoloka nawo nyanja ya Atlantic. Anadutsa America pa njanji mpaka ku San Francisco, anawoloka Pacific kukafika ku Japan, kenako China, Singapore, Ceylon ndi India, n'kutulukira ku Egypt. Ulendo wonsewo unamutengera masiku 222, ndipo zaka 64 zakubadwa anazikwanitsira m'njira. Chatsopano pa ulendowu chinali chakuti mlendo ankalipira kamodzi, zotsalazo n'kukhala mutu wa Cook: matikiti, malo ogona, katundu ndi womasulira.

Chaka chomwecho nyuzipepala ina ya ku Paris inkasindikiza pang'onopang'ono nkhani yopeka ya Jules Verne ya munthu wozungulira dziko m'masiku 80. Nkhaniyo inalowa anthu m'magazi. Mu Novembala 1889 mtolankhani wamkazi wa ku America, Nellie Bly, ananyamuka ndi kachikwama kamodzi ka m'manja kukayesa ngati zimenezi zingatheke, ndipo anabwerera mu Januwale 1890 atatha masiku 72.

Koma amene anasonyeza kuti ulendowu ungathekenso ndi ana anali banja la a Brassey a ku England. Thomas Brassey anali phungu wa nyumba ya malamulo, mwana wa munthu amene analemera chifukwa chomanga njanji m'mayiko ambiri. Iye ndi mkazi wake Anna anali ndi chombo chawochawo choyendera matanga ndi injini ya nthunzi. Anachitcha Sunbeam, dzina limene ankamutchula nalo mwana wawo wamkazi amene anamwalira ali ndi zaka zinayi. Mu Julayi 1876 ananyamuka ndi ana awo anayi, anzawo, antchito ndi amalinyero, onse pamodzi anthu 43, osaiwalanso ziweto za ana.

Sunali ulendo wongogona n'kumaothera dzuwa. Atadutsa ku Madeira, Rio de Janeiro ndi Argentina, anakumana ndi chombo cha malasha chotchedwa Monkshaven chikuyaka moto panyanja. Anapulumutsa amalinyero ake, ndipo chakudya ndi madzi zimene anakonzera anthu 43 zinayenera kukwanira pakamwa powonjezera. Anapyola njira yopapatiza ya Magellan, yomwe ija inazunza zombo za ku Spain zaka 350 m'mbuyomo, n'kukafika ku Chile, Tahiti, Hawaii ndi Japan. Pobwerera anadzera ku Hong Kong, Ceylon, Aden ndi ngalande ya Suez, ndipo anafika kwawo mu Meyi 1877.

Anna Brassey ankalemba zonse zimene ankaona: chimene ana adya, mmene mafunde akuwombera chombo, misika ya m'madoko, ndi mantha a mayi mwana akadwala kutali ndi mtunda. Buku lake la ulendowu linatuluka mu 1878, linagulidwa kwambiri ndipo linamasuliridwa m'zinenero zingapo. Owerenga anaona dziko lonse kudzera m'maso a mayi amene ali ndi ana pambali. Nyanja yomweyo ndi imene inadzamusunga. Anamwalira ndi malungo mu 1887 ali pa ulendo wina pa Sunbeam, ndipo thupi lake analiika m'nyanja.

Mabanja ochepa kwambiri ndi amene akanakwanitsa kukhala ndi chombo chawo. Khomo linatseguka pang'ono mu Novembala 1922, pamene sitima ya kampani ya Cunard yotchedwa Laconia inanyamuka ku New York ndi alendo mazana angapo, n'kuzungulira dziko m'masiku 130. Maulendo otere anakopa makamaka achikulire amene anali atapuma pa ntchito, chifukwa ndiwo anali ndi ndalama komanso miyezi inayi yopanda chowathamangitsa. Kenako kunabwera ndege. Mu 1947 kampani ya Pan American inayamba maulendo okhazikika ozungulira dziko, ndipo ndege za jeti zitafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, zimene zinkatenga miyezi zinayamba kutheka pa tchuthi cha sukulu.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya zaka za moyo wa munthu. Mitundu yambiri inali kale ndi msinkhu umene inkaulemekeza mwapadera. Ku Japan ndi ku Korea, kukwanitsa zaka 60 kumatanthauza kuti munthu wamaliza kuzungulira kalendala yakale ya zaka 60 n'kubwerera poyambira. Ajapani amati kanreki, ndipo wokondwerera amavekedwa chovala chofiira ngati khanda. Akoreya amati hwangap, ndipo kale ana ankakonza phwando lalikulu n'kugwadira makolo awo, popeza ofika msinkhu umenewu anali owerengeka. Anthu atayamba kukhala ndi moyo wautali, wa zaka 60 anasiya kuonedwa ngati nkhalamba yongokhala pakhonde. Mabanja ambiri a ku Korea tsopano amasonkha ndalama za phwando zija n'kugulira makolo ulendo wakunja. Ku Ulaya ndi ku America nakonso, kumene ana amabalalika kukagwira ntchito m'mizinda yakutali, tsiku lobadwa la chaka chapadera ndilo limakhala ndi mphamvu yosonkhanitsa agogo, ana ndi zidzukulu kwa masabata angapo. Chimene banja limagula ndi ndalama zochuluka chonchi ndi nthawi yokhalira pamodzi, ndipo imeneyi ndi imene Anna Brassey anaidzazira buku lonse.

Tsiku lija linasowa pa Victoria likadasowabe mpaka pano. Msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Washington mu 1884 unagwirizana zowerengera dziko kuyambira ku Greenwich ku England, ndipo mzere wosinthira tsiku unagwera kutsidya, pakati pa Pacific. Banja lonyamuka ku Los Angeles usiku kupita ku Sydney limatera kalendala italumpha tsiku limodzi, ndipo ngati tsikulo ndi lobadwa la agogo, keke imadyedwa tsikulo litapita kale. Oyenda molowera kum'mawa amapindula, chifukwa tsiku lomwelo amaliona kawiri.

Kampani ya Thomas Cook inagwa mu Sepitembala 2019 itagwira ntchito zaka 178, koma nzeru yake yolipira kamodzi ikadalipo. Magulu a makampani a ndege, Star Alliance imene inayamba mu 1997 ndi Oneworld ya mu 1999, amagulitsa tikiti imodzi yozungulira dziko. Woyenda amalowera mbali imodzi, amawoloka Atlantic kamodzi ndi Pacific kamodzi, ndipo ayenera kumaliza ulendo chaka chisanathe. Ethiopian Airlines, imene imatera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ili mu Star Alliance kuyambira mu 2011.