Mbiri ya mawu akuti exercise

Aroma akale anali ndi mneni wakuti arcere. Tanthauzo lake linali kutsekera kapena kutchinga: kusunga chinthu m'kati kuti chisatuluke, kapena kuletsa chakunja kuti chisalowe. Mbale wake wapafupi ndi arca, bokosi lotsekeka, dzina limene Baibulo la Chilatini linapatsa chingalawa cha Nowa ndiponso likasa la chipangano, lomwe Angerezi analidula n'kukhala ark. Kumayambiriro kwa mneniyu Aroma ankaphatikako timawu tina kuti tanthauzo likhote. Akaphatika co- pankatuluka coercere, kupanikiza munthu mpaka agonje, ndipo Chingerezi chikadali nawo mawuwa, chimati coerce. Akaphatika ex-, kamene kamaloza kunja, pankatuluka exercere, gogo wake wa exercise.

Nanga chotsekeredwa chimene ankachitulutsacho chinali chiyani? Akatswiri ofufuza magwero a mawu amaganiza kuti poyamba penipeni nkhani inali ya ziweto: kutsegula khola m'mamawa, kutulutsa ng'ombe ndi kuzikusira kumunda kuti zikakoke pulawo. Zolemba za Chilatini zikugwirizana ndi ganizo limeneli, pakuti m'menemo exercere ndiko kusapatsa mpumulo. Mlimi ankatero ndi nthaka yake, mwini akapolo ndi akapolo ake, nkhawa nayo inkatero ndi mtima wa munthu. M'malamulo a Aroma, munthu amene sitima ya malonda inkamupezera ndalama panyanja ankatchedwa exercitor. Wolamula anali wina, wotuluka thukuta wina, ndipo palibe amene ankati zonsezi n'zothandiza thanzi la ng'ombeyo.

Amene sankapumitsidwa kuposa onse anali asilikali, mwakuti gulu lankhondo lenilenilo Aroma analitcha exercitus, kunena anthu ochititsidwa chinthu mobwerezabwereza mpaka chitawalowerera. Varro, katswiri wa chinenero wa m'nthawi ya Julius Caesar, anafotokoza dzinali motero. Patapita zaka zoposa 400, Vegetius analemba buku la zankhondo lotchedwa De re militari, m'mene analongosola kaphunzitsidwe ka olowa kumene usilikali. Ankawapatsa lupanga lamtengo ndi chishango cholukidwa ndi timitengo, zonse zolemera kuwirikiza kawiri zida zenizeni, n'kuwaimika pamaso pa mzati wozikidwa pansi kuti azilimbana nawo m'mawa ndi masana. Ankaphunzira kulumpha maenje ndi kusambira. Katatu pamwezi ankayenda mamailo 10 atasenza zida zonse, n'kubwereranso mtunda womwewo. Zonsezi dzina lake linali exercitium.

Kumsasa kumeneku mawuwa anatola chinthu chimene sanachitayenso. Ng'ombe ikakoka pulawo mzere umaoneka, tirigu amamera. Msilikali akatema mzati tsiku lonse, palibe mdani amene wafa. Thukuta lake ndi la nkhondo imene sinafike, ndipo phindu lake latsala m'mkono. Matanthauzo ambiri amene anadza pambuyo pake ali ndi ganizo limeneli la kuchita lero pokonzekera mawa. Zinenero zobadwa ku Chilatini zinasunga mawu awiriwo moyandikana. Mchewa wa ku Angónia kapena ku Tete amene anaphunzira m'Chipwitikizi amawadziwa bwino: exército ndi asilikali, exercício ndi ntchito imene mphunzitsi wapereka. Chisipanishi chili ndi ejército ndi ejercicio, Chitaliyana esercito ndi esercizio. Chingerezi chinatengapo amodzi okha, asilikali n'kuwatcha army, kuchokera ku mawu onena za zida.

Agiriki anali ndi mawu awoawo, ndipo sanachokere kukhola. Anyamata awo ankathamanga ndi kugwetsana ali maliseche, atadzola mafuta a azitona. Munthu wamaliseche m'Chigiriki ndi gymnos, choncho bwalolo linatchedwa gymnasion. Analinso ndi askesis, kudziphunzitsa kwa munthu wampikisano, mawu amene pambuyo pake anasamukira kwa amonke osala kudya m'chipululu cha Egypt. Galen wa ku Pergamon, amene anayamba ndi kusoka mabala a akapolo omenyana m'mabwalo a chionetsero asanakhale dokotala wa mfumu Marcus Aurelius, ndiye anaika malire omveka: si kugwedeza thupi kulikonse kumene kumawerengedwa, koma kokhako kumene kwasintha kapumidwe ka munthu. Madokotala a lero sanaupitirire patali muyeso umenewu. Aroma olemba za mankhwala, monga Celsus, zoterezi ankazitcha exercitatio, ndipo mawu omwewo ndi amene ali pa 1 Timoteo 4:8 m'Baibulo la Chilatini, pamene Chigiriki chili ndi gymnasia.

Ku England mawuwa anafika mochedwa, ndipo anadzera ku France. William wa ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba yachifumu, cha m'makhoti ndi cha anthu apamwamba kwa zaka pafupifupi 300. Chingerezi chinatsala ndi anthu wamba, ndipo pobwereranso m'mabuku chinali chitameza mawu zikwizikwi a Chifalansa. Exercice anali m'gulu limenelo, ndipo akuyamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi za m'ma 1300. Dzina ndilo linatsogola, mneni n'kutsatira. Amene anawalandira mwachangu anali anthu opemphera. Kwa iwo exercise kunali kuchita khalidwe labwino mosalekeza, kapenanso mavuto amene Mulungu amalola kuti munthu akhwime nawo, ndipo Geoffrey Chaucer anawagwiritsapo ntchito m'lingaliro lachiwirili. Kachidutswa ka tanthauzo limeneli kakadalipo. Mngerezi wophunzira akanena kuti nduna ili exercised ndi nkhani ina, sakutanthauza kuti yapita kothamanga. Akunena kuti nkhaniyo ikuisowetsa mtendere. Tanthauzo lokhudza thupi linalowa zaka za m'ma 1300 zomwezo zisanathe.

Munthu amene anamangiriza usilikali ndi pemphero m'mawu amenewa anali msilikali ndithu. Ignatius wa ku Loyola anaphwanyidwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521. Anatembenuka mtima ali chigonere, ndipo atadzuka anakabindikira ku Manresa, kumene anayamba kulemba malangizo a masabata anayi a kusinkhasinkha ndi kudzifufuza. Bukulo linasindikizidwa ku Roma mu 1548, Papa Paul III atalivomereza, pa dzina lakuti Exercitia spiritualia, ndipo Ajezwiti ndi Akatolika ena amapita nalo ku m'bindikiro mpaka lero. Apulotesitanti a ku England nawo ankatcha exercises misonkhano imene abusa ankasinthana kulalikira ndime imodzi, kenako n'kumaunikana. Mfumukazi Elizabeth I inaiona misonkhanoyi ngati chisa cha upandu, ndipo Edmund Grindal, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, atakana kuithetsa anaimitsidwa pa udindo mu 1577.

Pali nthambi ina imene siinena zokonzekera konse, yochokera kwa exercitor uja wa sitima: kugwiritsa ntchito chimene uli nacho, kaya ndi ufulu, mphamvu kapena udindo. Olemba malamulo aakulu a United States anafuna kuteteza munthu amene akuchita chipembedzo chake poyera, osati wongokhulupirira mumtima yekha, ndipo ndime imene inavomerezedwa mu 1791 ili ndi mawu akuti free exercise. Pa nthambi yomweyi, owerengera ndalama a ku France amatcha chaka cha zachuma exercice, ndipo ku Italy sitolo kapena malo odyera amalembedwa m'mapepala a boma ngati esercizio.

Sukulu inawatenga mawuwa m'zaka za m'ma 1600, pamene ana a ku England ankaswera akutembenuza ziganizo za Chingerezi kukhala za Chilatini. Panalibe wofuna kumva uthenga wa ziganizozo. Unali mzati uja wa Vegetius, koma wa papepala. Oimba anateronso. Nyimbo 30 za Domenico Scarlatti zinatuluka ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1730 pa dzina lodzichepetsa lakuti Essercizi, ngakhale zina mwa izo zimavutitsa ndi katswiri yemwe. Kabuku kolembamo, exercise book, kanafala m'zaka za m'ma 1800, mapepala atatsika mtengo ndipo ana ambiri atayamba kupita kusukulu.

Za thupi zinatenga nthawi kuti zilande mawuwa. Cristóbal Méndez, dokotala wa ku Spain, anatulutsa Libro del ejercicio corporal mu 1553, ndipo Girolamo Mercuriale anatsatira ku Venice mu 1569 ndi De arte gymnastica. Koma mabuku otere ankawerengedwa ndi anthu amene ntchito zawo ankawagwirira ndi ena. Mlimi sankafunika kuuzidwa kuti atuluke thukuta. Maiko anayamba kusamala za matupi a anyamata wamba pamene anafuna asilikali. Napoleon atagonjetsa Prussia mu 1806, Friedrich Ludwig Jahn anatsegula bwalo ku Hasenheide, pafupi ndi Berlin, mu 1811, kuti anyamata a Chijeremani alimbe. Per Henrik Ling anayambitsa sukulu yake ku Stockholm mu 1813, ndipo njira yake inadzafika m'masukulu a ku Britain: ana pa mzere, manja m'mwamba, manja pansi, mphunzitsi akufuula. Mu 1818 William Cubitt anapangira ndende za ku England gudumu lalikulu lokhala ndi makwerero, limene akaidi ankaponda maola ambirimbiri osafika kulikonse. Kwina gudumulo linkagaya tirigu kapena kupopa madzi, kwina linkangozungulira chabe. Dzina lake, treadmill, lero lili pa makina amene anthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti akakwerepo.

Umboni wa ziwerengero wakuti kukhala pansi kumadwalitsa unabwera mu 1953. Jeremy Morris anafufuza amuna pafupifupi 31,000 ogwira ntchito pa mabasi ndi magalimoto ena onyamula anthu mu London. Madalaivala ankaswera pampando, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero a mabasi osanjikizana. Matenda a mtima ankagwira madalaivala kuposa makondakitala, ndipo akawagwira ankawapha msanga. Anapezanso zofanana poyerekeza opereka makalata oyenda pansi kapena pa njinga ndi makalaliki a m'maofesi. Zotsatirazo zinatuluka m'magazini ya The Lancet. Chofunika kuchiona apa n'chakuti makondakitalawo sankachita exercise. Ankangogwira ntchito yawo. Koma ntchito zotere zinali kuchepa ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu anayamba kulifunafuna thukutalo padera, makamaka Kenneth Cooper atatulutsa buku lake la Aerobics mu 1968. Mu 1985 ofufuza atatu a ku America, Caspersen, Powell ndi Christenson, analemba tanthauzo limene azaumoyo amatsatira: exercise ndi kugwedeza thupi kokonzedweratu, kobwerezabwereza, kochitidwa ndi cholinga cholimbitsa thupilo. Kulima, kusinja ndi kutunga madzi kumagwera pa dzina lina, physical activity. Bungwe la WHO, polangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata, limawerengera zonse, ntchito zapakhomo zomwe, ndipo pamenepa lachita mwanzeru kuposa otsatsa nsapato zothamangira.

Mitundu ina inafika pa ganizo lomweli podzera njira zake. Aluya amati riyada, kuchokera ku mneni wonena za kuphunzitsa hatchi mpaka imvere, ndipo muzu womwewo unabala dzina la masamu, riyadiyat, zimene wophunzira aliyense angavomereze. Ku China amati duanlian, mawu a wosula zitsulo: kuika m'moto, kumenya, kuyenga. Ku Russia zojowajowa za m'mamawa ndi zaryadka, kutchaja. Ajeremani amati Übung, kuchokera ku üben, mneni amene kalekale ankanenanso za kulima, ndipo exerzieren wa Chilatini anamusiyira asilikali pa perete. Aswahili amati mazoezi, kuchokera ku kuzoea, mbale wa kuzolowera kwathu.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatha lonse mu 1922, atafika pa 1 Timoteo 4:8 paja anasankha mawu a banja lomweli, chizolowezi. Anasankha bwino, koma mawuwo sanakhazikike pa tanthauzo limenelo. Lero chizolowezi ndi khalidwe la munthu, kawirikawiri loipa. M'malo mwake tinalumikiza mawu atatu, masewera olimbitsa thupi, ndipo oyambawo akuulula mmene nkhaniyi inaonekera kwa anthu ogwira khasu: munthu wamkulu akudumphadumpha popanda chimene akukolola, ameneyo akusewera. Matanthauzo enawo tinawagawa. Mphunzitsi amapereka ntchito, msilikali amaguba kapena kuyeserera nkhondo, nzika imagwiritsa ntchito ufulu wake, ndipo chimene akuluakulu a boma amakonda kuchitcha registration exercise owerenga nkhani pa wailesi amangoti kalembera. Exercise weniweniyo amamveka ndithu m'kalasi ndi kuchipatala, koma sanazike mizu ngati mawu ena obwereka. Kabuku kolembamo tinakatcha kope, kuchokera ku copy. Achinyamata othamanga m'mamawa amati akupanga mafizo, kuchokera ku physical. Ndipo amene ali nazo ku Lilongwe ndi ku Blantyre amagula zovala zodula zopitira ku jimu, nyumba imene dzina lake limanena za anthu amaliseche.