Mitengo ya ku Melbourne pa Zaka za Cilala

Tikamva za cilala, ife timayamba kuganizira cimanga ndi ng'ombe, ndipo m'pomveka. Koma mwezi uno tifuna kukamba za mitengo yosabala cakudya, yoimirira m'mbali mwa miseu ya mzinda wa Melbourne, kumwera kwa Australia, dziko limene kunacokera bulugamu uja tamzolowera kwathu kuno.

Mzindawu unayambika mu 1835. Azungu amene anaumanga sanakhutire ndi mitengo anaipezayo, pakuti mitima yao inali ku England. Tsono anaoka mitengo ya kwao, makamaka ya mitundu iwiri, wina dzina lace elm, wina plane. Inakula, nicita mthunzi wabwino pa mseu wa Royal Parade ndi m'munda wa Fitzroy Gardens. Pambuyo pace nthenda inapha mitengo ya elm yosawerengeka ku Ulaya ndi ku America, koma ku Australia siinafike. Cotero ya ku Melbourne inasanduka cuma cosowa.

Kuyambira 1997 mvula inacepa, caka ndi caka, kufikira 2009, pamene madamu a mzindawo anatsala ndi gawo limodzi lokha la magawo anai a madzi ao. Mu 2007 boma linaletsa kuthirira kapinga. Sitingalitsutse, pakuti munthu ndiye ayenera kumwa poyamba. Koma panali kanthu kamene ambiri sanakaone. Zaka zonsezo mitengo ija inali kumwera pamodzi ndi kapinga, ndipo popeza madzi anali pamwamba, mizu yace yambiri inayanga pamwamba pomwepo, osatsikira pansi. Mipope itatsekedwa, inalibe potunga. Kapinga akauma aphukanso ndi mvula yoyamba. Mtengo wa zaka 100 sutero ai. Ndiponso sufa msanga kuti anthu adzidzimuke: uyamba kuuma kunsonga, nucepa masamba, nugwidwa ndi tizirombo, ndipo udzafa patapita zaka, mvula itabwera kale, anthu ataiwala za cilala.

M'mwezi wa January 2009 kutentha kunapitirira madigiri 43 masiku atatu otsatana, ndipo pa 7 February kunafika 46.4. Masamba a plane anawauka, nayoyoka monga ngati nyengo yacisanu yafika. Anthu oposa 300 a m'cigawo ca Victoria, makamaka okalamba, anamwalira ndi kutentha kuja. Ndipo akuru a mzinda anazindikira kuti mthunzi suli cokometsera maso cabe.

Anchito a mzinda anayesetsa. Anacotsa kapinga patsinde, naphimba nthaka ndi zinyenyeswa za nthambi, monga ife tiphimbira nazale ndi udzu. Anatenga ziwiya zazikuru zapulasitiki, zija atsekera nazo miseu, nazidzaza madzi osayenera kumwa, kuti adonthere pamizu pang'onopang'ono. Ina inapulumuka motero, ina ai.

Cilala citatha anaipenda mitengo yao umodzi umodzi, pafupifupi 70,000, napeza kuti mwa mitengo 10 iliyonse, pafupifupi inai idzatha m'zaka 20, cifukwa ca ludzu ndi ukalamba pamodzi. Pakuti yookedwa nthawi imodzi ikalambanso nthawi imodzi. Tsono mu 2012 anapangana zotere: kuoka mitengo 3,000 caka ciri conse, kukulitsa mthunzi, umene unaphimba magawo 22 mwa 100 a miseu ndi minda ya mzinda, kuti ufike 40 pofika 2040, ndi kuti mtundu umodzi usapose magawo 5 mwa 100 a mitengo yonse. Lamulo lotsirizali ndilo lowawa, popeza litanthauza kuti plane akafa, kawirikawiri palowa mtengo wina umene anthu sanauzolowere. Koma ife tiyesa kuti ndilo lanzeru koposa onse. Ndipo pansi pa Fitzroy Gardens anamanga thanki ya malita 5 miliyoni, yosunga madzi a mvula othamanga m'miseu, amene kale anangotayikira mu mtsinje wa Yarra.

Mu 2013 anapatsa mtengo uli wonse nambala yace ndi keyala ya pa intaneti, kuti woona nthambi yothyoka adziwitse akuru. Madandaulo anafikadi, koma anafikanso makalata zikwi zambiri, ena ocokera kutsidya kwa nyanja, olembera mitengo yomwe, kuilonjera, kuithokoza cifukwa ca mthunzi, ndi kufunsa elm wokalamba ngati akupeza bwino.