Ulenje wa elk wotsogoleredwa ndi wodzitsogolera

Ulenje wotsogoleredwa ndi ulenje wodzitsogolera ndi njira ziwiri zimene alenje amatsata posaka nyama yotchedwa elk m'mapiri a Rocky, kumadzulo kwa United States ndi Canada. Pa njira yoyamba mlenje amalipira kampani yovomerezeka ndi boma kuti imupatse namulondola, msasa, chakudya ndi mahatchi. Pa njira yachiwiri mlenje amadzipezera yekha chiphaso, amasankha malo, amamanga msasa ndipo amasenza yekha nyama. Njira ziwirizi zimasiyana pa mtengo, pa malamulo ndi pa kukula kwa ntchito imene imagwera mlenje. M'madera ena lamulo ndi limene limamusankhira munthu, chifukwa mlendo saloledwa kusakamo popanda namulondola.

Nyama yake

Elk, imene dzina lake la sayansi ndi Cervus canadensis, ndi imodzi mwa nyama zikuluzikulu za m'banja la agwape a nyanga zanthambi. Imatchedwanso wapiti, dzina lochokera kwa eni nthaka a ku North America lomwe limanena za kuyera kwa kumbuyo kwake. Ku Ulaya dzina loti elk limanena nyama ina, imene ku America amaitcha moose. Elk yamphongo ya m'mapiri a Rocky imalemera makilogalamu pafupifupi 320, ndipo yaikazi pafupifupi 225. Zamphongo zokha ndi zimene zili ndi nyanga, ndipo nyangazo zimagwa chaka chilichonse kumapeto kwa nyengo yozizira n'kumeranso zina.

M'nyengo yotentha elk zimadyera pamwamba pa mapiri, ndipo chipale chofewa chikachuluka zimatsikira m'zigwa. Nthawi yokwerana ndi Sepitembala mpaka pakati pa Okutobala. Pa nthawiyi zamphongo zimalira mokweza ngati lipenga, ndipo alenje amatsanzira kulirako ndi kachitoliro kuti ziyandikire. Elk imanunkhiza kwambiri, choncho mlenje akayenda mphepo ikuchokera kumbuyo kwake, gulu lonse limathawa iye asanalione.

Mbiri

Akatswiri amayerekeza kuti Azungu asanafike ku North America kunali elk pafupifupi 10 miliyoni. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zinatsala zosakwana 100,000, chifukwa anthu ankazipha pofuna kugulitsa nyama, zikopa ndi mano. Mu 1900 boma la United States linakhazikitsa lamulo la Lacey Act, loletsa kudutsitsa malire a zigawo nyama yophedwa mophwanya lamulo. Mu 1912 linakhazikitsa malo otetezera elk a National Elk Refuge pafupi ndi tawuni ya Jackson ku Wyoming, ndipo m'zaka zotsatira elk za ku Yellowstone zinasamutsidwira m'madera mmene zinali zitatha. Lamulo la Pittman–Robertson la 1937 linachititsa kuti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku ntchito yosamalira nyama zakuthengo. Masiku ano ku North America kuli elk pafupifupi 1 miliyoni, ndipo chigawo cha Colorado ndi chimene chili ndi zambiri kuposa zigawo zonse.

Ku United States nyama zakuthengo ndi za anthu onse, ndipo boma la chigawo chilichonse ndi limene limaziyang'anira. Mwini munda angathe kuletsa anthu kulowa pamalo pake, koma elk zimene zili pamalopo si zake. N'chifukwa chake kampani ya ulenje sigulitsa nyama. Chimene imagulitsa ndi kudziwa malo, zida, antchito ndi njira yolowera.

Ziphaso ndi malamulo

Mlenje aliyense, kaya ali ndi namulondola kaya alibe, ayenera kukhala ndi chiphaso chimene chimatchula dera, masiku, chida chosakira ndi mtundu wa elk yoti aphe. Ziphaso zina zimangogulidwa, koma za m'madera abwino zimaperekedwa mwa maere. Zigawo ngati Colorado ndi Wyoming zili ndi dongosolo la mapointi owonjezera mwayi pa maere, ndipo m'madera ena munthu amadikira zaka zoposa 10. Kuyambira mu 2025, mlendo wofuna kusaka ndi uta kumadzulo kwa Colorado amalowanso m'maere, pamene kale ankangogula chiphasocho.

Pa nkhani ya ulenje, mlendo ndi munthu aliyense amene sakhala m'chigawocho, ngakhale akhale nzika ya United States. Mlendo amalipira ndalama zambiri kuposa mwini dera. Mu 1978 Khoti Lalikulu la United States linavomereza kusiyana kumeneku pa mlandu wa Baldwin v. Fish and Game Commission of Montana. Mu 1976 munthu wa ku Montana ankagula chiphaso cha elk pa madola 9, pamene mlendo ankayenera kugula chiphaso chophatikiza cha madola 225.

Malamulo ena amakhudza namulondola mwachindunji. Ku Wyoming mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu m'nkhalango zimene boma lalikulu linaziika m'gulu la wilderness, pokhapokha ali ndi namulondola wovomerezeka kapena mnzake wokhala m'chigawocho amene watenga chilolezo chomuperekeza mosalandira malipiro. Ku British Columbia ndi ku Alberta, m'dziko la Canada, mlendo wochokera kunja kwa dziko amafunika kuperekezedwa akamasaka nyama zikuluzikulu. Ku New Mexico ziphaso za maere zimagawidwa motere: 84 peresenti kwa anthu a m'chigawocho, 10 peresenti kwa amene agwirizana ndi kampani ya ulenje, ndi 6 peresenti kwa alendo odzitsogolera.

Ulenje wotsogoleredwa

Mwini kampani ya ulenje amatchedwa outfitter pa Chingerezi, ndipo iye ndi amene amalemba ntchito anamulondola, ophika ndi osamalira mahatchi. Zigawo za Idaho, Montana ndi Wyoming zili ndi mabungwe a boma opereka malaisensi a ntchitoyi. Kampani yogwira ntchito m'nkhalango za boma imafunikanso chilolezo chapadera cha nthambi yoyang'anira malowo. Mlenje amene walipira munthu wopanda laisensi angathe kuzengedwa mlandu nayenso.

Ulendo umatenga masiku 5 mpaka 7. Namulondola mmodzi amaperekeza mlenje mmodzi kapena awiri, ndipo kukhala naye wekha kumadula kwambiri. Makampani ena amasunga alendo m'nyumba pa mafamu akuluakulu a ziweto, mmene alenje ena saloledwa kulowa. Ena amalowa nawo pa mahatchi makilomita ambiri m'nkhalango, kukagona m'matenti okhala ndi mbaula yankhuni.

Ubwino waukulu wa namulondola ndi wakuti amadziwa kumene elk zimamwa madzi, kumene zimagona masana ndi kumene zimathawira zikadzidzimuka. Nyama ikagwa, iye amaisenda, kuiduladula ndi kuitulutsa pa mahatchi kapena nyulu. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso kuti mlenje amatsata ndondomeko ya kampani ndipo sangasamukire kwina ngati nyama zachoka m'dera limene kampaniyo inapatsidwa.

Ulenje wodzitsogolera

Njirayi imatheka chifukwa kumadzulo kwa United States kuli malo aakulu a boma amene aliyense angalowemo. Nthambi ya US Forest Service imayang'anira mahekitala pafupifupi 78 miliyoni, ndipo ya Bureau of Land Management pafupifupi 99 miliyoni. Mlenje wodzitsogolera amawerenga mapu ndi ziwerengero za nyama zimene zinaphedwa zaka zam'mbuyo, kenako amasankha dera. Ena amamanga msasa pafupi ndi msewu n'kumakwera phiri m'bandakucha uliwonse. Ena amasenza tenti ndi chakudya cha masiku angapo n'kumagona paliponse pamene usiku wawapeza.

Wodzitsogolera amakhala ndi ufulu wosintha malo ndi masiku malinga ndi chiphaso chake, ndipo ndalama za ulendo umodzi wotsogoleredwa zingamukwanire maulendo angapo. Koma chaka choyamba ndi chachiwiri nthawi zambiri zimathera pophunzira malo. Nyengo zosaka ndi mfuti ku Colorado zimatenga masiku 5 mpaka 9 okha, choncho amene wataya masiku atatu pofufuza kumene kuli nyama amatsala ndi nthawi yochepa. M'madera ofikika mosavuta alenje amachuluka, ndipo elk zimathawira m'zigwembe zovuta kapena m'minda ya anthu.

Njira zapakati

Pali njira zina zimene zili pakati pa ziwirizi. Pa njira yotchedwa drop camp, kampani imakasiya alenje pamsasa wokonzedwa kale m'katikati mwa nkhalango, n'kudzawatenga pamodzi ndi nyama masiku akatha, koma kusaka amasaka okha. Alenje ena amalipira mwini famu kuti awalole kulowa pamalo pake. Enanso amagwirizana ndi mwini mahatchi wovomerezeka kuti adzangotulutsa nyama ikaphedwa.

Kutulutsa nyama m'phiri

Ntchito yolemetsa kwambiri imayamba nyama ikagwa. Elk yamphongo ingathe kupereka nyama yopanda mafupa yokwana makilogalamu pafupifupi 100, kuwonjezera pa mutu ndi nyanga. Munthu mmodzi amafunika maulendo atatu, anayi kapena kuposerapo kuti asenze zonse. Ngati nyama yagwera makilomita 6 kuchokera pa msewu, maulendo anayi opita ndi kubwerera ndi makilomita 48. Mu Sepitembala masana kumatentha, ndipo nyama imene sinasendedwe ndi kupachikidwa pamthunzi msanga imawola.

Zigawo zonse zimenezi zili ndi malamulo oletsa kusiya nyama yodyedwa kuthengo, ndipo wophwanya lamuloli amalipitsidwa chindapusa kapena kulandidwa ufulu wosaka. M'nkhalango za wilderness, lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa magalimoto, njinga zamoto, ngakhale njinga zakapalasa ndi ngolo. Choncho m'malo ngati Bob Marshall ku Montana, Frank Church–River of No Return ku Idaho ndi Flat Tops ku Colorado, nyama kawirikawiri imatuluka pamsana pa munthu kapena pa chiweto. Alenje odziwa amayamba ayeza mtunda umene angathe kusenza katundu, kenako n'kusankha kutalika kwa kumene angakasake.

Ngozi

Malo ambiri osakirako ali pa mtunda wa mamita 2,000 mpaka 3,500 kuchokera pa nyanja. Pa mamita 3,000 mpweya umene munthu amakoka umachepa ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo wochokera kumalo otsika angadwale mutu, nseru ndi kusowa tulo. Nyengo imasintha mwadzidzidzi, moti chipale chofewa chingagwe ngakhale mu Sepitembala. Kuzungulira Yellowstone ndi kumpoto chakumadzulo kwa Montana kuli zimbalangondo za grizzly, zimene zimakopeka ndi fungo la nyama yophedwa, ndipo alenje amalangizidwa kunyamula mankhwala opopera othamangitsira zimbalangondo. Ku Colorado osaka ndi mfuti amalamulidwa kuvala zovala zowala za mtundu wa olenji kapena pinki kuti anzawo awaone. Netiweki ya foni kulibe m'madera ambiri, choncho odzitsogolera ambiri amatenga kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti.

Mtengo ndi mwayi wopha

Ulendo wotsogoleredwa kawirikawiri umaposa madola 5,000, ndipo pa mafamu otchuka umapitirira 10,000. Mtengowu suphatikiza chiphaso, ulendo wa pandege, kukonza nyama kubutchala ndi ndalama yothokozera namulondola. Chiphaso cha mlendo ndi madola mazana angapo, ndipo m'zigawo zina chimaposa 1,000. Wodzitsogolera amapewa malipiro a kampani, koma amagula yekha tenti, nsapato, chikwama ndi magalasi oonera patali.

M'madera ambiri a boma mmene ziphaso sizivuta kupeza, alenje amene amapha elk safika 20 pa 100 aliwonse. Okhala ndi namulondola amapha kawirikawiri kuposa pamenepa, makamaka pa malo a anthu, koma palibe kampani yosaka nyama zoyenda mwaufulu imene ingalonjeze kuti mlenje apha. Makampani ena polengeza zotsatira zawo amawerengera aliyense amene anapeza mpata wowombera, ngakhale anaphonya.

Mikangano

Alenje wamba ndi makampani akhala akulimbana pa kagawidwe ka ziphaso. Mu 2010 anthu a ku Montana anavota kuthetsa ziphaso zimene zinkasungidwira makasitomala a makampani. Otsutsa lamulo la Wyoming amati limangoteteza bizinesi, popeza mlendo amaloledwa kuyenda ndi kuwedza m'nkhalango zomwezo popanda namulondola. Olichirikiza amati limachepetsa ngozi.

Mkangano wina ndi wa njira yolowera. M'madera ena malo a boma ndi a anthu anagawidwa mosinthanasinthana ngati bolodi la tchesi, kuchokera pa nthawi imene boma linkapatsa malo makampani a njanji m'zaka za m'ma 1800. Alenje anayi a ku Missouri anasumiridwa atadutsa pa ngodya ya malo otere pafupi ndi Elk Mountain ku Wyoming. Mu Malichi 2025 khoti la apilo la Tenth Circuit linagamula kuti kudutsa pa ngodya kuchoka pa malo a boma kupita pa ena n'kololedwa, bola munthu asaponde malo a mwini.

Zimene alenje amaganizira posankha

Choyamba ndi lamulo la dera ndi mtundu wa chiphaso. Amene wadikira chiphaso zaka zambiri nthawi zambiri amalemba namulondola, poopa kuwononga mwayi umene sungabwerenso msanga. Chachiwiri ndi nthawi: wokhala pafupi ndi mapiri angathe kukayendera malo nyengo isanayambe, pamene wochokera kutali amafika ndi masiku owerengeka. Chachitatu ndi mphamvu za thupi ndi kuchuluka kwa anzake osenza nawo. Chomaliza ndi cholinga cha ulendo. Wofuna yamphongo ya nyanga zikuluzikulu pa ulendo umodzi amathandizika ndi kampani, koma wofuna ndiwo za pakhomo chaka ndi chaka amapindula akaphunzira dera limodzi n'kumafunsira ziphaso za elk zazikazi, zimene m'zigawo zambiri zimapezeka mosavuta.